Thandizeni abale: injini ingatuluke pakhomo popanda cheni buloko?

Membala wobisa dzina
Akuluakulu a gulu lino moni nonse. Admin chonde mundibisire dzina chifukwa ena okhudzidwa ndi nkhaniyi ali momuno. Ine ndili ku Kasungu mbali ya ku Chatoloma, galimoto yanga yangokhala pabwalo kuyambira nthawi yokolola osayenda. Mlamu wanga anaibwereka kuti akasiye anthu ku maliro ku Nkhamenya, pobwera inayamba kutentha madzi atatha mu redieta koma iye osaima, akuti amathamangira kuti mdima usamupeze panjira, mpaka inadzazima yokha chapafupi ndi kwathu nkuchita kuikankha. Kufikira lero sanapepese ndipo mlongo wanga akuti ndikukokomeza, akuti galimotoyo inali yotha kale, chonsecho akadwala mwana wawo usiku amagogoda kwa ine. Ndinaitana makaniko wina wa ku boma, anabwera nkuiliza pang'ono nkunena kuti injini iyenera kutuluka basi, ndinamupatsa ya transport ndi ina yoti agule zofunika, pano foni yake sikulowa. Yokokera galimoto mpaka ku galaja ndilibe, fodya ndinagulitsa ku Chinkhoma koma ngongole ya feteleza inadya zonse, ana awiri ali ku sekondale fizi ikudikira. Nde ndaganiza zoichotsa ndekha injiniyo ndi anyamata a pamudzi pano, ndiikweze pa lole ya mnzanga amene amapita ku Lilongwe ndi soya akaione akatswiri. Masipanala ndi jeke ndili nazo, pabwalo pali mtengo wa mango waukulu ndithu. Cheni buloko, chida cha tcheni chokwezera zinthu zolemera chija, ndilibe. Zitheka kodi? Chingwe chake chikhale chotani, nanga anthu angati? Tulo sindikupeza abale, galimoto imeneyi ndi imene imatidyetsa.

Makaniko wa ku Biwi
Pepani ndi zimenezi achimwene. Koma ndi galimoto yanji? Petulo kapena dizilo, manual kapena automatic? Popanda zimenezi palibe angakuyankheni zoona.

Fundi Wamkulu pa M1
ZITHEKA BWANA musalole munthu akuopsezeni. Ife tinayamba kuchotsa ma injini cheni buloko tisanaione nkomwe. Mtengo umodzi wa bulugamu wouma bwino, anyamata anayi odya nsima yokwanira, awiri uku awiri uko, mumanga injini pakati, mwakweza, wina akankha galimoto chambuyo, yatha nkhani. Ana a masiku ano akangoona bauti yolimba akufuna makina. Ndachotsapo ma injini a Corolla osawerengeka njira yomweyi.

Mayi wa Geni Kamwendo
Ine nkhani ya mlamuyo ndi imene yandiwawa. Inu mukuvutika ndi kukweza zitsulo iye ali phee kunyumba kwake? Kamutuleni kwa ankhoswe alipire, mwinanso kwa amfumu. Nanenso mchimwene wa amuna anga anatiphera njinga yamoto chonchi, akuti akukagula mankhwala ku boma ku Mchinji kenako tikumva kuti anali ku Mwami kunyamula anthu, mpaka lero tikuyenda wapansi. Achibale amenewa ukawamvera chisoni umalira ndiwe.

Mnyamata wa Kabaza
Anyamata anayiwo mmodzi akhale mlamuyo, mumuike mbali yolemera kkkkkk

Mphunzitsi Wopuma
A Fundi musamanamize anthu pa zinthu zoti munthu atha kulumala nazo. Injini sizifanana. Ya Probox kapena Sienta, 1NZ ija, ndi ya aluminiyamu, kulemera kwake kuli ngati matumba awiri a chimanga a 50kg. Koma ya dizilo ya Hilux monga 3L ndi chitsulo chenicheni, imapitirira makilo 200, mukaphatikiza giyabokosi nde osanena. Anyamata anayi aikweze mpaka idutse pamwamba pa kutsogolo kwa galimoto, mmodzi akaterereka ena atatuwo atani?

Fundi Wamkulu pa M1
A sir inu munaphunzitsa ana kuwerenga tikuthokoza, koma sipanala ya 14 mukuidziwa? Za m'mabuku ndi zina, za pansi pa galimoto ndi zina. Makilo 200 anthu sikisi ndi chani? Ngolo yodzaza fodya ikatitimira mu dambo amaizula ndani, si anthu omwewa?

Mphunzitsi Wopuma
Ngolo imakankhidwa ili pa matayala ake. Injini imakhala m'malere ndipo manja a anthu ali pansi pake.

Dalaivala wa ku Santhe
Za mtengo wa mango zokhazo ndikukanizeni ndi mtima wonse akulu. Mango amaoneka aakulu koma nthambi yake imathyoka osachenjeza, makamaka ikakhala yofumbwa mkati. Kwathu tinayesapo, injini itakwera bwinobwino nthambi inangoti phwa, injini nkugwera pa redieta nkuphwanya ndi galasi lomwe, mnyamata amene amaiwongolera chala chake chinatsalira pomwepo, pano sagwira khasu bwino. Ndalama zomwe timapewa kupereka ku galaja tinazipereka kawiri, kuchipatala ndi kwa ogulitsa magalasi. Bwana wanga anandichotsa ntchito mwezi womwewo osandipatsa ndi ya notisi yomwe, nkhani imene ija ndikaikumbuka mtima umandipwetekabe.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse. Mayi a ku Kamwendo za ankhoswe ndinayesa kale, anangoti tikhululukirane ndife amodzi. Mangowo ndi akale anabzala ndi agogo, nthambi yake ndi yonenepa kuposa ntchafu ya munthu. Komanso chingwe ndili nacho cha nayiloni chomangira mabelo pa lole, chimenechi sichingathe? Anzanga ena akuti ndingogulitsa galimotoyo momwe ilili koma amene akufuna kugula ndi mnzake wa mlamu yemweyo, nde mukuona mmene zikuyendera.

Makaniko wa ku Biwi
Achimwene ndafunsa kuti ndi galimoto yanji simunayankhe. Komanso makanikoyo anati chawonongeka ndi chani? Galimoto ikatentha madzi atatha nthawi zambiri chimapsa ndi hedi gasiketi, mwina hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini chija, nkupindika. Zimenezo sizifuna kutulutsa injini yonse, mumangomasula hedi, munthu mmodzi amanyamula, nkupita nayo akaipale. Tayang'anani oyilo pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, ngati wasanduka woyera ngati tiyi wamkaka, ndipo muike sipanala pa bauti ya pulley ya kutsogolo muone ngati injini ikuzungulira. Ikakana kuzungulira kapena ngati imagogoda isanazime, pamenepo nde itulukedi.

Fundi Wamkulu pa M1
A ku Biwi mukufuna munthu abwere ndi galimoto kwanu mudye ndalama tikukudziwani. Injini ikatentha mpaka kuzima yokha NDI YOTULUTSA BASI, ma ring amakhala atapita. Mupale hedi lero mawa ikusuta ngati chigafa cha fodya. Bwana mvereni ine. Chingwe cha nayiloni ayi chimatamuka ndipo chimadulidwa ndi m'mphepete mwa chitsulo, pezani lamba wa mpando wa galimoto yakale, uja womanga pachifuwa, mupinde pawiri. Sanandigwiritsepo mwala.

Wowotcherera wa pa Kasungu Boma
Mwaiwala kuti cheni buloko imabwerekedwa? Kuno ku boma anthu a zigayo ambiri ali nayo yokwezera ma mota, owotcherera enanso ali nayo. Ya tani imodzi ndi yokwana pa galimoto yaying'ono iliyonse. Mumalipira ya tsiku nkusiya chikole. Poikoleka pangani miyendo itatu ya mapaipi okhuthala kapena bulugamu wowongoka wosafumbwa, mumange pamwamba ndi tcheni osati chingwe, miyendo muikumbire pansi pang'ono kuti isatagade. Kutalika kwake kupitirire mamita atatu chifukwa cheni buloko payokha imadya malo, anthu ambiri amapanga chachifupi injini nkukakamira pa theka.

Mayi wa Geni Kamwendo
Chikole chake akapereke mlamuyo. Ine sindisuntha pamenepa.

Mtumiki wa Uthenga
M'bale wanga musanagwire sipanala gwadani kaye. Galimoto kuwonongeka pochokera ku maliro, makaniko kuthawa, ndalama za fodya kutha osaziona, zonsezi mukuona ngati zangochitika? Ndikukupemphererani.

Mnyamata wa Kabaza
Abusa madzi anatha mu redieta, satana walowa pati apa kkkk

Mtumiki wa Uthenga
Mwana iwe udzakula.

Makaniko wa ku Biwi
A Fundi ine sindinaitane munthu, ndikumuuza zoti asawononge ndalama. Achimwene ngati ifikadi potuluka, kukweza ndi gawo lomaliza ndipo ndi lalifupi, ntchito yeniyeni ndi kumasula. Yambani ndi batire, waya wa negative. Khetsani oyilo ndi madzi. Jambulani ndi foni paliponse musanazule, ndipo waya aliyense ndi paipi iliyonse muimate ka pepala nkulemba nambala, apo ayi tsiku lobwezera mudzalira. Mabauti a chinthu chimodzi mu jumbo yakeyake. Chotsani boneti, redieta, ekizosi pomwe yagwirana ndi injini, mapaipi a mafuta, sitata. Ngati ili ndi AC musatsegule mapaipi a gasi, masulani kompresa nkuimangirira pambali. Giyabokosi muiikire jeke ndi thabwa pansi isalendewere. Ma mounting, amene amagwiriza injini ku galimoto, amamasulidwa pomaliza, tcheni itagwira kale kulemera kwa injini.

Fundi Wamkulu pa M1
Zolemba manambalazo ndi za ophunzira. Fundi weniweni waya amamudziwa ndi maso.

Wowotcherera wa pa Kasungu Boma
Nde wofunsayo ndi fundi? Mwamva kuti ndi mlimi wa fodya. A Fundi mumayankha comment iliyonse ngati gulu ndi lanu.

Fundi Wamkulu pa M1
Ndimayankha chifukwa NDIKUDZIWA. Inu wotcherani mawindo anuwo. Ma injini amene ndinachotsa ndi mtengo akuyenda mpaka lero pa msewu wa Mzuzu, pitani mukafunse. Mtima wanga umawawa kuona mlimi akuuzidwa kuti akabwereke ichi akalipire icho pomwe ali ndi manja komanso anyamata pamudzi. Umphawi wathu tikuuwonjezera tokha ndi mantha.

Mlongo wa ku Mkanda
Ine za magalimoto sindidziwa koma bambo anga aang'ono anamwalira galimoto itawagwera, anaikweza pa jeke nkuika njerwa zowotcha, njerwazo zinaphwanyika iwo ali pansi. Chonde chonde musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke kapena njerwa. Ikani zipika za mtengo zolimba, matayala otsalawo muwatchinge ndi miyala. Ana asakhale pafupi tsiku limenelo.

Dalaivala wa ku Santhe
Pepani achemwali. Ndi zoona zimenezo. China, ngati ili automatic masulani mabauti a torque converter, chitsulo chozungulira cholumikiza injini ndi giyabokosi chija, kaye kuti itsalire mu giyabokosi, ikatuluka limodzi ndi injini oyilo amakhuthukira pansi ndipo seal imawonongeka. Ndipo injini ikatuluka muikhazike pa tayala lakale osati pa dothi, pa lole napo pa tayala nkuimanga.

Mphunzitsi Wopuma
Kuwonjezera apo, mukakafika ku Lilongwe akakuuzani kuti yatheratu mugule ina, sungani risiti ndipo dziwani kuti nambala ya injini ili m'mapepala a galimoto. Kusintha kwake a Road Traffic ayenera kudziwa, apo ayi mudzavutika pa COF, chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu chija, kapena pogulitsa.

Wogulitsa Masipeya
Ma injini ochokera ku Japan alipo abwana, 1NZ, 5A, 2SZ, ndi ena. Inbox.

Admin
Malonda ndi Lachisanu lokha, mukudziwa lamulo. A Fundi chepetsani zilembo zikuluzikulu. Ndipo eni post, anthu akufunsa mtundu wa galimoto kuyambira m'mawa.

Membala wobisa dzina
Pepani network kuno imavuta ndimachita kukwera pa chulu. Ndi Mazda Bongo ya van, ndimanyamulira anthu ndi katundu masiku a msika. Mlamu uja wandiimbira madzulo ano akuti wawona post ndipo wadziwa kuti ndi ine, akuti ndamuyalutsa pagulu, mlongo wanga akulira. Nde mangowo ndiyese kapena ndipange za miyendo itatu zija?

Makaniko wa ku Biwi
Achimwene mukanatero poyamba. Bongo injini yake ili pansi pa mipando ya kutsogolo, pamwamba pake pali denga la galimoto. Mango, miyendo itatu, bulugamu wa a Fundi, palibe chingagwire ntchito apa chifukwa tcheni yochokera kumwamba ilibe polowera. Imeneyo imatsitsidwira pansi galimoto itakwezedwa kwambiri kutsogolo, kapena imatulukira pa chitseko ndi crane ya matayala ija, ndipo crane imeneyo pa mchenga siyenda imafuna simenti. Pabwalo la dothi ndi jeke imodzi ine ndikukana. Koma hedi imatuluka bwinobwino mukangotukula mipando, nde musanaganize zina yesani kuizungulitsa ndi sipanala monga ndinanenera.

Fundi Wamkulu pa M1
Bongo ndi yophweka kuposa zonse. Kumbani dzenje pabwalopo, muikankhire pamwamba pake, injini itsikire mu dzenje.

Wowotcherera wa pa Kasungu Boma
Nanga mu dzenjemo adzaitulutsa ndi chani a Fundi?

Makaniko wa ku Biwi
Musakumbe kanthu achimwene. Mawa kukacha tumizani chithunzi cha dipstick ndi cha mkati mwa chitsekero cha oyilo, mutiuzenso ngati ili ya petulo kapena dizilo.