Kodi foni ingathandize mwana amene anachira khansa kuyambanso kusewera?

Mayi wa ku Chilomoni:
Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga ndi achipatala. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anamaliza kulandira mankhwala a khansa ya impso yotchedwa Wilms pa chipatala cha Queen Elizabeth miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo anamuchotsa impso imodzi. Madokotala anatilangiza kuti azisewera ngati ana ena, koma iye amangokhala pakhonde ndi foni yanga m'manja, uku anzake akusewera fulaye pabwalo. Alamu anga akuti pali mapulogalamu owerenga masitepe amene munthu wayenda. Kodi foni yomwe ikumukhazika pansiyo ingamudzutsenso?

Bambo wa ku Area 25:
Mayi, ife tinayesa njira imeneyi ndi mnyamata wathu atachira khansa ya Burkitt. Tinagwiritsa ntchito Samsung Health, yomwe imawerenga masitepe ngakhale mulibe bandulo, malinga foniyo ikhale m'thumba. Madzulo alionse ankalemba nambala ya tsikulo m'kope la sukulu, ndipo ankapikisana ndi nambala yake ya dzulo, osati masitepe 10,000 amene anthu amakonda kutchula, chifukwa mwana wofooka akaona kuti chiwerengerocho chili kutali amagwa ulesi. Ndikuchenjezeni chimodzi: sabata yachitatu nambala zinakwera modabwitsa, ndipo nditasuzumira kuchipinda ndinamupeza atagona chagada akugwedeza foniyo m'mwamba. Kuyambira pamenepo tinayamba kuyendera limodzi mpaka kumsika, ndipo ndikukhulupirira kuti chinamulimbitsa ndi ulendowo, foni inangomupatsa chifukwa chotulukira.

Wothandiza odwala pa masewera olimbitsa thupi:
Musanaike pulogalamu iliyonse, funsani dokotala wa mwanayu mayina a mankhwala amene analandira. Ana a Wilms kawirikawiri amapatsidwa vincristine, amene amatha kuwononga mitsempha ya m'mapazi ndi m'manja, kotero kuti mwana amamva dzanzi, amakoka phazi poyenda ndiponso amapunthwa pafupipafupi. Ena amalandiranso doxorubicin, amene angafooketse mtima ngakhale patapita zaka zambiri. Mwana wotere si waulesi ayi, mwina akuopa kugwa pamaso pa anzake, ndipo foni singakuuzeni zimenezo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 patsiku, koma wanuyu ayambe ndi mphindi khumi n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu losatha, asiye ndipo mupite naye kuchipatala. Kwa ine, ntchito yaikulu ya foni ndi kamera yake. Mujambuleni akuyenda opanda nsapato pamalo osalala, kutsogolo ndi chammbali, kenako akuyesa kuyendera zidendene, n'kukaonetsa dokotala tsiku lokaonedwanso.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse. Mwandikumbutsa kuti patapata wa kumanzere amamuvuka kawirikawiri, ndipo ine ndimangomukalipira kuti akuyenda mosasamala. Mawa m'mawa ndimujambula asanapite kusukulu, ndipo ndafufuza kale m'buku lake lachipatala, dzina la vincristine lilimo.