Mphamba akundithawa pa chithunzi, ndithandizeni

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ine ndi wojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe, za mbalame ndi zachilendo. Kasitomala wina ali ndi nyumba yogona alendo m'munsi mwa phiri, akufuna zithunzi za mbalame za m'munda mwake zopachika pakhoma. Apumbwa ndi njiwa ndathana nazo. Koma pali mphamba amene amabwera m'mawa kudzagwira njiwa pa beseni la madzi, ndipo bamboyo mtima uli pa ameneyo. Masiku anayi ndili pakhonde. Masamba a mapeyala akutuluka bwino mpaka mitsempha yake, mbalameyo ngati utsi. Kamera ndi Canon 80D, lens ya 70-300mm.

Wa ku Mzuzu: Shutter, nthawi imene kamera imatsekuka pojambula ija, munaika pa bwanji?

Wa ku Zomba: 1/500 ya sekondi, monga ndimachitira anthu akamavina perekaniperekani.

Wa ku Mzuzu: Ndiye pamenepotu, achimwene. Mphamba si mkwatibwi. Yambirani pa 1/2000, kuwala kukalola 1/3200. Ikani pa M (manual, yosintha nokha), ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) pa Auto ifike 3200 kapena 6400. Timadontho tobwera ndi ISO yokwera mudzachepetsa pa kompyuta, koma chithunzi chogwedezeka chilibe mankhwala.

Wa ku Area 25: Zoona, koma masamba akutuluka bwino chifukwa focus ikugwira iwowo. Mutha kuika AI Servo (focus yotsatira chinthu choyenda) ndi kadontho kamodzi ka pakati, komabe kumutsatira ndi dzanja m'munda wothinana mitengo mungotopa. Amatulukira n'kuzimiririka musanaphethire. Kamerayo imajambula zithunzi 7 pa sekondi, ndiye mukhala ndi mwayi mukapeza ziwiri. Ine ndikadaika kamera pa tripod, focus pa mlomo wa beseni, n'kutembenuzira lens ku MF (focus ya pamanja) kuti isasunthe. Bwererani ku 200mm kuti mapiko akwane, bowo lolowetsa kuwala mu lens pa f/8 ngati dzuwa lafika. Mugwire remote, maso pa munda osati mu kamera.

Mayi wa ku Namiwawa: Musanapitirire ndi manambala, mbalameyo ikuoneka bwanji?

Wa ku Zomba: Msana wotuwa, pachifuwa mizeremizere yofiirira, miyendo yachikasu, mchira wautali.

Mayi wa ku Namiwawa: Ameneyo akuoneka ngati amene m'mabuku amamutcha African goshawk. Si kabawi wozungulira poyera uja ayi. Uyu amabisala m'masamba n'kumadikira, ndiye mukamayang'ana kumwamba mwaluza kale. Mbandakucha mvetserani, amauluka pamwamba akulira "kwik... kwik" modukizadukiza, mudziwe kuti ali pafupi. Akatsikira m'munda apumbwa amachita phokoso, kenako ziii. Chala chikhale pa batani nthawi imeneyo. Chinanso, akagwira sadyera pomwepo nthawi zonse, amakasosolera pamalo pobisika. Yendani m'munda mufufuze pamene pali mulu wa nthenga. Pamenepo amakhala mphindi zambiri, mujambula mosapupuluma. Ndipo chokani pakhonde poyerapo, khalani kuseri kwa katani, zenera lotsegula. Galasi limaononga chithunzi.

Wa ku Mangochi: Bwanji osangogula kamwanapiye, kukamanga ndi ulusi pa kapinga? Ife ku nyanja nkhwazi timaiponyera nsomba, imabwera yokha kkkk.

Mayi wa ku Namiwawa: Ayi bambo, zimenezo musaphunzitse anzanu. Nsomba yakufa ndi kamwanapiye kamoyo komangidwa n'zosiyana. Ulusiwo ungamukole miyendo, komanso akazolowera anapiye apita kwa aneba, kumeneko akakumana ndi legeni. Kasitomala adzatsala ndi chithunzi, mbalame palibe.

Wa ku Mangochi: Ndamva mayi, ndabweza mawu.

Wa ku Zomba: Ndabwera ndi lipoti. Nthenga ndinazipeza kuseri kwa thanki ya madzi, pa chitsa cha gwafa. Dzulo palibe chinabwera, ndinangodyetsa udzudzu. Lero cha m'ma 6:20 apumbwa anayamba phokoso lija, ndinapanikiza remote. Pa beseni ndapeza chimodzi chokha, mapiko otambasula, koma mutu wadulidwa m'mphepete. Pa chitsa paja ndiye ndakolola: zoposa 40, diso lachikasu likuwala, kanthenga kali pamlomo. ISO inafika 5000.

Wa ku Area 25: Mutu wadulidwa chifukwa munakakamira pa 300mm, eti?

Wa ku Zomba: Musandiulule, akulu. Mawa ndibwerera ku 200. Vuto latsopano ndi ili: bambo aja akondwa, koma akazi awo akuti njiwa ya magazi siipachikidwa m'chipinda chodyera. Ndidule m'munsimo kutsale mutu ndi chifuwa, kapena ndidikirenso pa beseni?

Wa ku Mzuzu: Dikirani pa beseni, koma masiku owonjezerawo alipire.