Masiteshoni angapo asowa nthawi imodzi pa DAB (wayilesi ya dijito), ndikadandaule kwa ndani?

Wofunsa:
Abale ndithandizeni. Ndili kuno ku UK ndipo ndili ndi kawayilesi ka DAB ka m'khitchini, dzulo masiteshoni angapo angoti zii nthawi imodzi koma a BBC akumveka bwinobwino. Ndapanga scan kawiri, palibe. Chikundizunguza mutu nchoti onse asowawo pa sikirini ankaonetsa frequency imodzimodzi, zimatheka bwanji zimenezo? Ndiimbire a siteshoni kapena wayilesi yangayi yafa?

Yankho:
Musataye wayilesi achimwene. Pa FM siteshoni iliyonse ili ndi frequency yakeyake, koma pa DAB amawamanga mtolo umodzi wotchedwa multiplex, ena amangoti mux. Zili ngati nyumba ya lendi, mwini mux ndiye landilodi, ali ndi layisensi yochokera ku Ofcom, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu ku UK, ndipo masiteshoni amangolipira kachipinda. Mux imodzi imadya pafupifupi 1.5 MHz mu Band III (gawo la mafrequency lomwe DAB imagwiritsa ntchito) ndipo malo ake ndi owerengeka, mayuniti 864 basi, ndiye wina akafuna mawu abwino a 128 kbps (muyeso wa data yotumizidwa pa sekondi) amatenga chipinda chachikulu nkulipira zambiri, wosauka amapanikizika pa mono. BBC ili ndi mux yakeyake pa block (tchanelo) 12B kuyambira 1995, nchifukwa chake iwowo sanakhudzidwe. Mux zamalonda za dziko lonse ndi Digital One ya 1999, eni ake a Arqiva, ndi Sound Digital ya 2016, kenako pali za m'madera zambirimbiri zokhala ndi eni osiyanasiyana. Asowa limodziwo ndi oyandikana zipinda, transmitter yawo ndi imodzi.

Yankho lina:
Koma funsani kaye wayilesiyo ndi ya liti. Masiteshoni ambiri akusamukira pa DAB+, mtundu watsopano wa DAB womwe unabwera 2007, imapanikiza mawu bwino moti siteshoni imakwana pa 32 kbps, ndipo mawayilesi akale saimva. Yanga inkalemba dzina la siteshoni koma osatulutsa mawu, ndinavutika nayo sabata yathunthu kumangokoka eriyo.

Wofunsa:
Ayi yangayi pa bokosi palembedwa DAB+, ndipo ngakhale mainawo sakubwera. Zikomo akuluakulu, nanga mwini mux ndimudziwa bwanji?

Yankho:
Dinani batani la info kangapo, mawayilesi ambiri amaonetsa dzina la mux ndi block yake. Koma uthengawo lemberani siteshoni yomwe mumamvera ija, olipira lendi ndi iwowo ndiye landilodi awayankha msanga kuposa inu. Pakadali pano isunthireni pawindo muyesenso scan, DAB siginolo ikachepa siyichita phokoso la shii ngati FM, imabwebweta pang'ono kenako nkudukiratu.