Masamba ouma akukana kuwola, chikusowa n'chiyani?

Wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinaunjika masamba a mango kuseri kwa nyumba mu Ogasiti kuti ndipange manyowa a kompositi othira pa ndiwo zamasamba, koma mpaka pano akadali gwaa. Chikusowa n'chiyani?

Mlimi wa ku Likuni:
Achimwene, chikusowa ndi madzi ndi ndowe. Tizilombo towoletsa zinyalala sitigwira ntchito pouma, komanso masamba ouma alibe nayitrojeni wokwanira, michere yomwe tizilomboti timafuna. Phwasulani muluwo muyambirenso pamthunzi. Pansi yalani mapesi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani masamba okwana masentimita 20, ndowe za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku masentimita 5, kenaka dothi lapamwamba pang'ono, n'kuwaza madzi. Bwerezani choncho mpaka mulu ufike mita 1. M'lifupi musachepe mita 1, chifukwa mulu waung'ono susunga kutentha. Zikani ndodo pakati. Pakapita masiku 4 izuleni: ikakhala yotentha, zikuyenda. Ikakhala yozizira, yokhala ndi nkhungu yoyera, mkati mwauma. Muzitembenuza pakatha masabata 2 kapena 3 alionse, zakunja zilowe mkati. Manyowa amapsa pakatha miyezi pafupifupi 3.

Mayi wa ku Kawale:
Ndiwonjezereko pa za mangowo, bambo. Masamba ake ndi olimba ndiponso oterera, moti madzi amangotsetsereka osalowa. Aphwanyeni kaye powapondaponda ali m'thumba, muwaviike m'diramu usiku umodzi musanayale. Mukawaika athunthu amamatirirana n'kutseka mpweya. Ngati ndowe zavuta kupeza, deliya wauwisi kapena masamba a mtengo wa gilirisidiya amathandiza: ndowa 1 ya zauwisi pa ndowa 3 za zouma. Madzi muyese ndi dzanja. Tapani zamkati, finyani: zizinyowetsa chikhatho koma osachucha. Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa mulu msanga, ndiye uphimbeni ndi udzu. Chiswe chikalowa, dziwani kuti mwaumanso.

Wadimba wa ku Mitundu:
Phulusa musalithire pa zitosi mwachindunji, limathawitsa nayitrojeni. Mukamva fungo ngati la mkodzo, wonjezerani masamba ouma. Likakhala fungo la dzira lovunda, madzi achuluka, tembenuzani tsiku lomwelo. Ndipo poti mvula yayandikira, musakumbe dzenje, lidzadzaza madzi. Unjikani pamtunda.

Wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Nanga masamba a bulugamu ndingasakanizemo?

Mlimi wa ku Likuni:
Pang'ono chabe, achimwene. Ali ndi mafuta omwe amachedwetsa kuwola, choncho akakhala ambiri muwapangire mulu wawokha.