Thandizeni: nambala ya Mersenne yandichititsa manyazi ku JETS

A Tembo, Chipata: Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji. Ku kalabu ya JETS (ya ana asukulu okonda sayansi ndi masamu) dzulo tinali pa prime number (nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi) yaikulu imene Luke Durant anapeza mu Okutobala 2024, ija ya 2^136,279,841 − 1, imodzi mwa manambala a Mersenne, omwe amapezeka pochulukitsa ma 2 okhaokha nkuchotsa 1. Ndinauza ana kuti titha kudziwa kutalika kwake osailemba: tichulukitse 136,279,841 ndi log 2, titaye zapambuyo pa kadontho, tiwonjezere 1. Pabolodi panatuluka madijiti 41,024,321. Mtsikana wina wa Giredi 11 anakweza dzanja nkunena kuti a GIMPS, gulu la pa intaneti losaka manambala oterewa, analengeza 41,024,320. Ndabwereza kanayi usiku, yankho silikusintha. Ndalakwitsa pati?

Madamu Zulu, Katete: Njira yanu ili bwino, a Tembo. Yesani pa 127, yomwe ndi 2^7 − 1: mupeza 2.107, kutaya zapambuyo nkuwonjezera 1, madijiti atatu ndendende. Koma log 2 munaika zingati?

A Tembo: 0.30103, monga tinazolowera.

A Mwale, Lundazi: Pamenepo ndiye pagona nkhani, achimwene. 0.30103 ndi yodulira. Yeniyeni imayamba 0.30102999566, ndiye yanuyo yapitirira ndi kanthu kakang'ono ngati fumbi la choko, pafupifupi 0.0000000043. Pa masamu a m'kalasi sikaoneka. Koma mukakachulukitsa ndi 136 miliyoni kamakula kufika 0.59. Inu munapeza 41,024,320.5 pamene zoona zake ndi 41,024,319.9. Kanthu komweko kakulumphitsani mzere. Musalembe log 2 pamanja, dinani batani lake pa kakyuleta nkuchulukitsa pompo.

A Tembo: Ndadina tsopano lino. 41,024,319.9! Mtima wakhala pansi. Zikomo kwambiri akuluakulu.

Madamu Zulu: Ine ndikanakhala inu sindikanafufuta cholakwacho. Lembani mayankho onse awiri pabolodi, anawo asake okha pomwe dijiti yowonjezerayo yachokera. Chaka chilichonse timawalalikira kuti asamadulire manambala pakati pa ntchito, samva. Chitsanzo choposa ichi sindinachionepo, ndipo ndikuchitenga Lolemba.

A Mwale: Chinanso muwachenjeze, poti ana akakonda chinthu amathamanga nacho: asaganize kuti p ikakhala prime basi 2^p − 1 nayo ndi prime. 2^11 − 1 ndi 2047, yomwe ndi 23 × 89.

A Tembo: Chimenecho tinachiona kale, ndi mtsikana yemweyo anachigwira. Panopa akufuna dijiti yomaliza ya nambala yaikuluyo.

Madamu Zulu: Musamuuze, chonde! Mupatseni pepala alembe 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256, ayang'ane kumapeto kwa iliyonse. Akaona kuti 2, 4, 8, 6 zikuzungulira, agawe 136,279,841 ndi 4 aone chotsala. Nkhani yochotsa 1 aikumbukire yekha.

A Tembo: Tikumana Lachisanu masana. Ndidzakutumizirani chithunzi cha pepala lake.