Kodi kulipira kampani ina kuti izitisefera maimelo kuli ndi phindu kwa ife a bizinesi yaing'ono?

Akuluakulu a pagulu pano, ndagwira mwendo wanu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kabizinesi ku Nchalo kogulitsa mapaipi, simenti, mbewu ndi mankhwala opopera thonje. Ogula athu akuluakulu ndi mabungwe ogwira ntchito ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komanso makontilakita a m'minda ya nzimbe. Amenewa sagula pakamwa ayi. Amafunsa mitengo pa imelo, ife timatumiza kotesheni, iwo LPO (kalata yoitanitsa katundu), ife invoisi. Imelo imodzi ikatidutsa osaiona, oda yapita kwa wina.

Tili ndi domain yathuyathu (dzina lija lobwera pambuyo pa @ pa adiresi ya imelo) ndi maadiresi 8, ndipo amene anatikonzera webusayiti ndi amenenso amasunga maimelowo. Vuto ndi zinyalala. Mtsikana wa mu ofesi akatsegula kompyuta m'mawa amayamba ndi kufufuta: "mwapata mphoto", "katundu wanu wagwidwa pa doko", "bokosi lanu ladzaza, dinani apa mulembe password". Ena amabwera ndi fayilo ya zip yolembedwa kuti invoice. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi: kasitomala wathu wina analandira imelo yokhala ndi logo yathu ndi dzina langa pansi, yonena kuti tasintha akaunti ya ku banki. Mwamwayi akauntanti wawo anandiimbira asanalipire.

Mnyamata wa IT wochokera ku Blantyre wandiuza kuti pali makampani amene ntchito yawo ndi kusefa basi. Akuti asintha chimene amati MX record pa domain yathu, maimelo onse aziyamba adutsa kwa iwo, achotsemo spam ndi mavayirasi, abwino okha ndiwo afike kwa ife. Wanditchulira Barracuda, SpamTitan ndi Mimecast. Kulipira ndi mwezi uliwonse, pa adiresi iliyonse, koma mu madola.

Apa ndi pamene mtima wanga wagwira njakata. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023, chinthu cholipira mu madola ndimachiopa, ndipo madolawo kuwapeza ku banki mukudziwa nokha. Komanso sefayo ikagwira LPO yeniyeni nkuiyesa spam, ndidziwa bwanji? Ndipo maimelo athu muli mitengo ndi manambala a akaunti a anthu, kodi ndi bwino kuti azidutsa m'manja mwa alendo? Amene munayesapo, ndiuzeni zoona.

MAYANKHO

Wa IT ku Limbe: Bambo, musanalipire aliyense fufuzani kaye kuti imelo ya akaunti ya banki ija inachokera kuti. Pemphani kasitomalayo akutumizireni imeloyo yathunthu, mnyamata wanuyo aone ma header, mizere yobisika yosonyeza kumene imelo yachokera. Njira zake ndi zitatu. Mwina akubawo anangolemba adiresi yanu ngati yotumizira, zomwe ndi zosavuta ngati domain yanu ilibe SPF, DKIM ndi DMARC. Mwina analembetsa domain yofanana ndi yanu nkusintha chilembo chimodzi. Kapena, choopsa kwambiri, ali ndi password ya wina mu ofesi mwanu ndipo akuwerenga maimelo anu pano tikulankhula. Dziwani kuti sefa imene akukutsatsaniyo imayang'ana maimelo olowa kwa inu. Imelo yabodza ija sinalowe kwa inu, inapita kwa kasitomala, ndiye sefayo siikanaiona nkomwe. SPF, DKIM ndi DMARC ndi mizere yothandiza kutsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu, yongolemba mu DNS (ma settings a domain yanu), sizigulidwa. Kuyambira February 2024 Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM, ndiye ngati mulibe, nkutheka kuti makotesheni anu ena akugwera mu spam kwa anzanu inu osadziwa.

Wofunsa: Achimwene, mawu omalizawa andigunda pamtima. Pali bungwe lina limanena kawirikawiri kuti kotesheni yathu silinaione. Za passwordzo tisintha lero lomwe.

Wa IT ku Limbe: Posintha muonenso mu settings ngati mulibe lamulo lotumiza maimelo anu ku adiresi yachilendo. Akuba amakonda kusiya limeneli, password ikasinthidwa iwo amapitirizabe kuwerenga.

Mayi wa loji ku Chikwawa: Ife timalandira alendo opita ku Majete ndi ku Lengwe, mabuking'i onse ndi a pa imelo. Tinalipirapo sefa yotereyi ndipo zinyalala zinachepadi kwambiri, sindinganame. Koma nkhawa yanu ya LPO ndi yoona. Maimelo okayikitsa samawafufuta, amawasunga pambali, quarantine amatero, ndipo amakutumizirani mndandanda tsiku lililonse. Ngati palibe wouwerenga mndandandawo, mudzataya oda. Ife buking'i ya gulu lonse la alendo inagona m'menemo chifukwa wotumizayo anaika mafayilo ambiri. Musankhe munthu mmodzi, ikhale ntchito yake m'mawa uliwonse, ndipo ma domain a makasitomala anu odziwika muwalembetse kuti azidutsa.

Mphunzitsi wa ku Ngabu: Bwanji osangotsegula Gmail yaulere? Ine spam sindiiona.

Wofunsa: Aphunzitsi, mabungwe akaona adiresi ya Gmail pa tenda amatiyesa a ganyu. Dzina la kampani liyenera kuoneka pa adiresi.

Akauntanti wa ku Bangula: Aphunzitsi sanalakwitse kwenikweni. Google Workspace ndi Gmail yomweyo koma pa domain yanu, ndipo Microsoft 365 nayo imabwera ndi sefa yake mkati. Ndiye werengani bwino: panopa mukulipira wosunga maimelo, kenako muwonjezere wosefa, mabilu awiri. Mukasamukira kumeneku bilu ndi imodzi, komanso mumapeza chitetezo cha kodi ya pa foni polowa. Za madola, funsani makampani a m'dziko muno amene amagulitsa malayisensi amenewa ndipo amapereka invoisi ya makwacha. Mtengo umatsatirabe dola, koma simuvutika ndi kufola ku banki. Onaninso ngati maadiresi 8 onsewo ndi a anthu. Zinthu ngati info@ ndi sales@ zingakhale ma alias, maina owonjezera ogwera m'bokosi la munthu amene alipo kale, salipiridwa paokha.

Wa zamalamulo ku Zomba: Pa funso la alendo kuwerenga maimelo, musaliponye kunkhongo. Tili ndi Data Protection Act ya 2024 ndipo woyang'anira ndi MACRA. Zinsinsi za makasitomala anu udindo wake ndi wanu ngakhale mutalemba kampani ina. Musavomere mgwirizano wa pakamwa ndi mnyamatayo. Pepala linene kuti maimelo amasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mukasiyana nawo amafufuta liti. Password ya domain ikhale m'manja mwanu, osati mwa iye. Nkhani ya akaunti yabodza ija kaneneni ku polisi ndi ku mwCERT, nthambi ya MACRA yoona za chitetezo cha pa intaneti, ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Mayi wa loji ku Chikwawa: Ndinaiwala chimodzi. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 netiweki ndi magetsi zitasowa kuno, palibe imelo imene inatayika, zonse tinazipeza zikutidikira. Koma mufunse wosefayo kuti seva yanu ikagwa amasunga maimelo masiku angati, chifukwa amasiyana.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndauza makasitomala onse pa foni kuti akaunti yathu siisintha pa imelo, akaona zotero andiimbire. Mnyamata uja ndamuuza ayambe ndi ma header ndi DMARC, za sefa tikambirane ndikaona mitengo iwiri yonse pa pepala. Akauntanti a ku Bangula, posamukira ku Google Workspace maimelo akale amasamuka nawo? Muli ma LPO amene sanatilipirebe, sindingalole atayike.