Sefa ya mchenga ikudikha madzi, ndithandizeni nzeru

Akuluakulu apagulu pano, makamaka inu a zomangamanga, ndithandizeni. Komwe ndimagwira ntchito kuli sefa ya mchenga yomwe imalandira madzi amvula ochokera poimika magalimoto asanalowe mu ngalande. Madzi amayamba agwera mkadzenje kotsalira matope, kenako amadutsa mumchenga wozama masentimita 45, pansi pake pali miyala ya kwale ndi mapaipi oboolaboola. Omwe anamanga ankati madzi azitha pasanathe maola 48, koma pano akumangodikha mpaka pamera ndere, udzudzu nde osanena, ndipo mchenga wapamwamba wada bii ndi oyilo wa magalimoto.

Nde ndingopala masentimita 5 kapena 8 apamwambawo nkuthira wina, kapena mwina ndi mapaipi apansi atsekeka? Ndingadziwe bwanji osafukula zonse? Komanso mchenga wakudambo ungachite, poti umakhala ndi dothi lambiri, kapena ukufunika wakumtsinje wotsuka uja? Nanga wodawo mumataya kuti, paja uli ndi oyilo sungangothiridwa kumunda. Ndikufuna ndikonze mvula ya Januwale isanalimbe, mabwana akuti ndalama yoitanira injiniya palibe.